Galasi la Mfuti ya a Simioni

Malindi, Mangochi
9 Okutobala, 1983

Mwana wanga Jenkins,

Ndayamba ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Amereka. Ife kuno tikudzuka, Mulungu akutisunga, kungoti dzuwa la chaka chino likuotcha ngati tinalilakwira. Usadabwe kuona kuti zolembazi si zanga. Dzanja langa layamba kunjenjemera, ndiye ndikuyankhula ndine, akulemba ndi mlongo wako Enid. Akamaliza ndimapita nayo kalata kwa a Andreya akatekisiti kuti andiwerengere ndisanamate, chifukwa zolemba za mwana ameneyu zili ngati popalasa nkhuku, komanso ndimamudziwa, akhoza kuthiramo mchere wake.

Chithunzi chako tinalandira. Wanenepa, koma malaya wavalawo ndi a munthu wina. Chimene chandigwira mtima ndi mfuti wanyamulayo, ya galasi pamwamba. Galasi lotere ndinalionapo kwa mzungu wina wopha ng'ona amene ndinkamupalasira bwato iwe usanabadwe. Tsiku lina anandilola kusuzumiramo, ndipo mbalame ya kutsidya kwa mtsinje inabwera pamphuno panga penipeni.

Tsono imva. Ukudziwa kuti minda yonse ya m'munsi mwa phiri ndailondera ine ndi mfuti yanga zaka makumi awiri ndi zisanu. Nyani wa m'phiri la Namizimu ankati akamva kutsokomola kwa Simioni, chimanga n'kutaya. Chaka chathachi zinthu sizinayende. Anyani a masiku ano achenjera, amakhala patali pamiyala, ndipo ndinawombera kasanu ndi kawiri osagwetsa ndi mmodzi yemwe. Kuwonjezera apo mbuzi ya a Elina inadzilowetsa yokha m'njira ya chipolopolo. Mbuzi yotuwa kukakhala pachulu ngati nyani, wolakwa ndine pamenepo?

Eni minda anakhala pansi sabata yatha. Agwirizana kuti andipatsa dzinja limodzi lokhali. Ndikalepheranso akaitana munthu wina wa ku Lungwena amene ali ndi mfuti yake, ndipo ine sadzandiikiranso umboni ku boma pokonzetsa chiphaso cha mfuti, ndiye kuti yangayi ndikaibweze. Ndinangoti zikomo. Koma mumtima zinandiwawa, mwana wanga, sindikubisira. Chimwalirireni mayi ako, chimene ndakhala nacho kuyambira kale m'nyumba muno chatsala ndi mfuti imeneyi.

Choncho pempho langa si la ndalama. Undipezere galasi ngati lakolo, lifike chimanga chisanakhwime. Undiuzenso, unkasaka nyama yanji kumalo kopanda ndi mtengo womwe ngati kumeneko?

Ndine bambo wako,
Simioni Mtalika


South Dakota
20 Novembala, 1983

Okondedwa Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Enid ndi onse kumudzi. Ine ndilipo. Kalata yanu yayenda masabata asanu, ndipo yafika envulopu itamatidwa kawiri. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo.

Kuno chisanu chagwa, kunja kwayera mbee, ndipo dzuwa limalowa tisanatuluke m'kalasi. Maphunziro a za ziweto akuyenda bwino, koma anthu ndiwo andisowa. Lamlungu kutchalitchi amandipatsa moni n'kumwetulira, tikatuluka aliyense walowa m'galimoto yake. Sabata yatha ndinazindikira kuti ndatha masiku atatu osatsegula pakamwa kupatula potsuka mano. Ndasowa kwathu, Ababa.

Mwafunsa za nyama. Chithunzi chija ndinajambulitsa patchuthi, ndikugwira ganyu pafamu ya ng'ombe ya mkulu wina dzina lake Halvorsen. Kumeneko kuli tinyama timene amatitcha agalu a m'dambo, ngakhale si agalu. Timaoneka ngati agologolo onenepa. Timakumba mauna ponseponse m'malo odyetsera ng'ombe n'kumadya udzu, ndipo tikaona munthu timaimirira pakhomo pa una n'kumauwa. Ukangowombera kawiri, tapafupi tonse talowa pansi, totsala timakhala pa mapazi mazana atatu kapena anayi. N'chifukwa chake pamafunika galasi. Tikafa sadya, amangosiyira mbalame.

Za pempho lanu ndayamba kale. M'tauni muno muli sitolo ya mfuti, ndipo ndapitako kale kawiri. Magalasiwa ndi amitundumitundu. Lina limakulitsa chinthu kanayi, umaona malo aakulu ndipo mumawala bwino ngakhale m'mamawa. Lina limakulitsa kakhumi ndi kasanu ndi kamodzi, loti khutu la kanyama kali kutali umaliona, koma umaona kamalo kochepa ngati ukusuzumira m'bango, ndipo kunja kukachita mitambo m'katimo mumada. Onse ali ndi kamtanda m'kati koloza pomwe chipolopolo chikagwere. Sindikufuna kukutumizirani chinthu cholakwika, ndiye mundiyankhe izi. Anyaniwo amakhala pa mapazi angati? Mumawombera nthawi yanji? Mfuti yanu ya .303 ija ndi yaitali bwanji kuyambira potsekera chipolopolo kufika poonera pakumbuyo? Munditumizirenso kalata ya boma yosonyeza kuti muli ndi chiphaso, pakuti popanda imeneyo palibe angavomere kunyamula katundu wotere.

Za dzanja lanu zandidetsa nkhawa. Mwapita kuchipatala? Mbuzi ya a Elina yandiseketsa ndekhandekha m'chipinda muno mpaka woyandikana nane anagogoda khoma.

Ndine mwana wanu,
Jenkins


Malindi, Mangochi
8 Januwale, 1984

Jenkins,

Tili moyo, kaya iwe ndi chisanu chakocho. Kalata yako inafika titatha Khirisimasi. Za envulopu yomatidwa kawiri usadzafunsenso, guluu wa kuno ndi wotero.

Ndaseka za azungu ako. Kupha nyama yonona n'kusiyira makhwangwala? Ukanawauza kuti kwanu ngakhale mbewa timaiotcha ndi mchira womwe. Koma tinyama takoto nzeru zake ndi zomwezi za anyani anga, kudziwa pomwe mfuti imalekezera.

Mafunso ako achuluka ngati a kupolisi, komabe ndiyankha. Anyani amakhala kutali, ndakuuza kale. Lemba mapazi mazana atatu, kapena kuposa. Ndimawombera m'mawa, dzuwa litangotuluka paphiri. Galasi lako lokulitsa kanayilo ndi la ana, ine ndikufuna lamphamvu lenilenilo, loti chinthu chibwere pafupi. M'kalata muno ndaikamo chingwe cha mfundo zitatu. Anayeza ndi che Wadi, mnzanga wokonza mainjini a maboti uja. Mfundo yoyamba ndi potsekera, yachiwiri poonera, yachitatu ndi kunenepa kwa chitsulo. Akuti akhoza kuboola n'kumangirira galasilo bola ubweretse zomangira zake. Kalata ya boma nayo ili momwemu, Enid anakaima pamzere masiku awiri.

Dzanja lisakuvute, ndi ukalamba chabe.

Mvula yagwa bwino ndipo chimanga chafika m'chiuno. Anyani ayamba kale kutsika kudzazonda. Eni minda akandipeza panjira moni wake ndi wakuti, katundu wa ku Amereka uja wafika? Mawu ake ndi aulemu koma ndimamva kuseka m'kati mwake. Fulumira, mwana wanga. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma akafika tsitsi litatha kale sathokozedwa.

Ndine bambo wako,
Simioni

Achimwene, moni. Ndikadalemba zambiri koma pepala latha. Enid.


South Dakota
19 Febuluwale, 1984

Okondedwa Ababa,

Moni kwa inu ndi onse. Ine ndili bwino, chifuwa chokha chinandigwira masiku angapo.

Galasi ndagula dzulo. Mundikhululukire kuchedwa, ndipo ndinene zoona, kuchedwa kwina ndi kwanga. Chiyambire Novembala ndakhala ndikupita kusitolo kuja Loweruka lililonse. Mwini sitoloyo ndi munthu yekhayo m'tauni muno amene amandifunsa mafunso n'kudikira yankho. Ankandithirira khofi, n'kutulutsa magalasi onse, ine n'kumasuzumira pawindo kuyang'ana mitengo ya mpanda ili kutali m'chipale chofewa. Ndinkamufotokozera za inu, za anyani, za phiri. Chingwe chanu anachiyala patebulo n'kuitana anzake kuti adzaone mmene amayezera mfuti kwathu. Kalata yanu itafika ndikanatha kugula tsiku lomwelo, koma ndinatha masabata enanso atatu. Ndinkaopa kuti ndikagula, Loweruka ndidzasowa kopita. Ndachita manyazi polemba zimenezi.

Mwini sitoloyo ankalimbikira kuti nditenge lokulitsa kanayi lija. Akuti m'phiri la mitengo, komanso kwa munthu wamkulu, lowala bwino ndilo lithandiza. Ndinamuuza kuti bambo anga sawadziwa, anapha kambuku ndi chipolopolo chimodzi ine ndili mwana, ndipo anena okha kuti mapazi mazana atatu. Ndiye ndatenga lamphamvulo, lomwe amaphera agalu a m'dambo.

Libwera ndi a Matilda, anamwino a ku Mangochi amene anali pamaphunziro m'chigawo choyandikana ndi chathu. Anyamuka kumayambiriro kwa Malichi. Poyamba anakana, akuti sakufuna mafunso pabwalo la ndege, koma ataona kalata ya boma avomera.

Che Wadi akamangirira, muyambe mwayesa pachitini pa mapazi zana. Pamwamba ndi pambali pali tizitsulo topotokola kuti kamtanda kagwirizane ndi chipolopolo. Mfuti muziitsamiritsa pamphanda, chifukwa galasi lamphamvu limakulitsanso kunjenjemera kwa dzanja. Diso likhale zala zinayi kuchokera pagalasi, mfuti ingakumenyeni pachikope. Kutsogolo ndi kumbuyo kuli zivindikiro, muzichotsa musanasuzumire.

Enid, pepala lija linali ndi malo theka lonse. Ulesi umenewo unayamba liti?

Ndine mwana wanu,
Jenkins


Malindi, Mangochi
2 Epulo, 1984

Mwana wanga Jenkins,

Tili bwino tonse, tikufuna kumva za chifuwa chako.

Katundu wafika. A Matilda anabwera naye okha mpaka pakhomo, Mulungu awadalitse. Che Wadi anamangirira Lachisanu, ndipo anthu anadzaza pabwalo kudzaona ngati kwabwera kanema. Aliyense amene anasuzumiramo anagwira pakamwa. A Elina anaona mwamuna wawo ali kudoko akucheza pomwe anati akupita kumunda.

Lero m'mawa ndinapita nayo kumunda. Ndagwetsa anyani atatu, wina mkulu wa gulu lonse. Otsalawo athawira kuseri kwa phiri. Unasankha bwino, mwana wanga. Galasi limeneli ndi loona, ndipo ndikuthokoza ndi mtima wonse chifukwa cha maulendo ako onse a kusitolo kuja. Umuthokozenso mwini sitoloyo, ndipo usaleke kupitako kukamwa khofi wake. Munthu sakhala yekha ngati mtengo.

Tsopano uike mtima pamaphunziro. Za kuno zisakuvutenso.

Ndine bambo wako,
Simioni


South Dakota
25 Epulo, 1984

Ababa,

Atatu! Ndathamanga nayo kalata yanu mpaka kusitolo, ndawamasulira mawu ndi mawu, ndipo mwini sitolo wavula chipewa n'kuvomera kuti analakwa ndi iye. Chifikireni kuno sindinakondwepo ngati lero. Ndinkadziona wopanda ntchito, munthu wongodya ndi kuwerenga kutali ndi kwawo, koma tsopano ndachitapo kanthu.

Eni minda aja akuti bwanji tsopano? Mundilembere zonse, mkulu wa gulu uja anali pa mapazi angati, munamulasa pati. Chifuwa chinatha. Chisanu chasungunuka, ndipo mwezi wa Juni ndibwereranso kufamu kuja. Ndikamagona pansi kuloza tinyama tija ndizidziwa kuti inunso mukusuzumira m'galasi longa lomwelo.

Moni kwa Enid, che Wadi ndi a Andreya.

Jenkins


Mangochi
27 Meyi, 1984

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata iyi a Andreya sanaione, Ababanso sakuidziwa. Ndailembera kuno ku boma, komwe azimayi a m'mudzi tabwera pa lole kudzayeserera magule a chipani, ndipo ndiiponya ndisanakwere kubwerera.

Kalata yanu ya chikondwerero ija ndawawerengera Ababa katatu. Nditamaliza kachitatu ndati basi, zakwana. Anyani atatu aja kulibe, achimwene. Sanaphe ndi mmodzi yemwe. Dzanja lawo silinjenjemera, n'lolimba kuposa lanu. Ababa maso akufa.

Zinayamba chaka chatha chisanafike. Chithunzi chanu chija sanachione, ndinawafotokozera ndine, ngakhale za malaya ndinanena ndine. Kumunda ndimawaperekeza, dzanja lawo paphewa panga, tikamva anthu akubwera amalichotsa n'kuyamba kuyenda ngati msilikali. Anandilumbiritsa pa Baibulo la amayi kuti ndisakuuzeni. Akuti mlenje akanena kuti sakuona ndiye kuti wadziika yekha m'manda. Mapazi mazana atatu aja anangotchula. Nyani amakhala pomwe ankakhala kale, pafupi poti n'kumugenda ndi mwala.

Mwezi wa Febuluwale kunabwera dokotala wa maso amene amafika kuno kamodzi pa chaka. Ndinawagwadira kuti tipite. Anakana, akuti mankhwala awo ali m'njira kuchokera ku Amereka. Iwo ankakhulupiriradi kuti galasi likakhala lamphamvu liboola utsi uli m'maso mwawo. Nthawi imeneyo inu munali pakhofi.

Pepani, mawu amenewo ndi owawa, koma sindifufuta. Munafunsa za mapazi, za nthawi, za kutalika kwa chitsulo. Simunafunse kuti munthu amene walemba kaundula wa tchalitchi moyo wake wonse akulephera bwanji kuwerenga kalata ya mwana wake. Komabe si inu nokha. Ine cholembera chinali m'manja mwanga miyezi yonseyi, sitampu ndikanaipeza, koma ndinaopa lumbiro kuposa khungu la bambo anga. Zimenezi zikundidya.

Tsiku lija linayenda chonchi. Poyesa pachitini anawombera ndi che Wadi, ndipo anamenya pakati penipeni, galasi lanu lilibe mlandu. Lolemba m'mawa tinapita awiri kumunda. Anakhazika mfuti pamphanda monga munanenera, anayeza zala zinayi, n'kuloza kuphiri. Anasuzumira nthawi yaitali. Anyani anali atalowa kale m'munda, ndinkamva chimanga chikuthyoka kumanja kwathu.

Kenaka anandifunsa motsitsa mawu, "Enid, zivindikiro zija wachotsa?"

Ndinati ndachotsa zonse ziwiri, zili m'manja mwangamu. Anandiuza kuti ndiwapatse, anazipapasa, n'kusuzumiranso.

"Muli utsi womwe uja," anatero. "Wangokula."

Nyani wamkulu anadutsa patsogolo pathu chimanga chili m'khwapa, osathamanga n'komwe. Ababa anatsitsa mfuti, anachotsa zipolopolo chimodzichimodzi n'kundiuza kuti ndimange pachitenje. Sanalire. Ndinalira ndine. Titafika kunyumba anati nditenge pepala, ndipo ndi pamene ndinakulemberani za anyani atatu. A Andreya anawawerengera kalata yonseyo osasintha mawu, kumapeto anangoti yalembedwa bwino.

Eni minda sanachite kuwaitana. Sabata yomweyo Ababa anauza che Wadi kuti amasule galasi, ndipo mfuti tinakaisiya ku boma, ananyamula okha njira yonse. Pobwerera tinalowa kuchipatala, nthawi ino sanakane. Achipatala akuti diso lamanzere lapita. Lamanja likuona kuwala kokha, atipatsa mankhwala odonthezera kuti tidikire dokotala uja chaka chamawa, koma sanatilonjeze kanthu. Akuti tikanabwera msanga bwenzi zili zina.

Galasi analikulunga m'nsalu n'kuliika kumutu kwa bedi. Mlendo aliyense amamutulutsira kuti asuzumiremo, n'kumamufunsa kuti ukuona chiyani, nena zonse. Munthu wa ku Lungwena uja anabwera, ndipo anapempha kuti amugulitse. Anamuyankha kuti anasankha ndi mwana wawo, si la malonda.

Mukamalemba musaonetse kuti mukudziwa. Pitirizani kufunsa za anyani, ndi zomwe amakonda kumva. Koma ngati pali njira yoti mubwere, ngakhale mwezi umodzi, yesetsani lamanjali lisanatseke. Ine ndatopa kusenza ndekha.

Wa ku Lungwenayo amabwera kawiri pa sabata basi. Masiku enawo minda timalondera tokha azimayi, kukhala pansanja n'kumamenya zitini. Chimanga chochepa chimene chinatsala takolola, koma chinangwa chikadali m'munda. Ababa anakana kukhala pakhomo, anapempha kuti nawonso tiwapatse chitini. Ndimawakweza pansanja m'mawa, n'kukawatenga masana. Dzulo ndikupita ndi madzi akumwa ndinawapeza atayang'ana kuphiri, akumenya chitini ndi mphamvu zawo zonse, pomwe anyani anayi anali kumbuyo kwa nsanja akuzula chinangwa mwakachetechete. Atamva mapazi anga anasiya kumenya n'kufunsa ngati m'munda muli bwino. Ndinati muli bwino.

Ndine mlongo wanu,
Enid